Anabwera Kudzanditenthera Munda Mwachifundo

Ine mawu anga ndi aakulu, ndipo sindinachite kugula. Kuno ku Kambombo mbuzi ikalowa m'munda wa munthu tsidya la mtsinje, anthu amati itanani mdala uja aikalipire ali pakhomo pake. Sukulu sindinapite nayo patali, zilembo zanga zimayenda chammbali ngati nkhanu, koma zimene ndikulemba m'kope muno ndinaziona ndi maso anga, zina ndinazichita ndi manja anga, ndipo chimodzi ndinachita ndi bodza langa.

Munda umene ndimalima anaswa mphanje ndi atate anga. Kale unkadzaza nkhokwe ziwiri, nkhuku n'kumadya zotsala. Koma zaka zapitazi unatopa. Nthaka inazolowera feteleza ngati munthu wa fodya wa m'mphuno, ukampatsa lero mawa afuna wambiri. Komanso kuno kuchigwa mitsinje ikadzaza galimoto sizioloka, nthawi zina feteleza amatipeza chimanga chitamasula kale. Kaufiti nayenso anamanga mudzi m'munda mwanga, maluwa ake ofiira mbwee, chimanga n'kumalekezera m'chiuno. Zaka ziwiri zotsatizana chakudya chinatithera mu Novembala, ndipo mkazi wanga anapita ku Tembwe kukatapa ufa kwa mwana wathu wamkazi amene anakwatiwa kumeneko. Ine, munthu amene ndimamveka tsidya la mtsinje, kudya za mkamwini! Mkamwiniyo ndi munthu wabwino, sananenepo kanthu, koma ufa wake unkandikhala pammero. Ndinalumbira kuti kachitatu sikadzachitika.

Chaka chimenecho boma linatitumizira mlangizi wa zaulimi, mtsikana wochokera kutauni, woyenda pa njinga yamoto ya honda atavala chipewa chachitsulo chachikulu kuposa mutu wake. Anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anati boma likufuna alimi ambiri asiye feteleza ndi mankhwala, ayambe kudyetsa nthaka ndi manyowa. Olowa adzapatsidwa mbewu ya nandolo ndi kalongonda, mbande za mitengo ya msangu, khasu lolemera lokumbira maenje obzalamo, ndi maphunziro. Koma lamulo lalikulu linali limodzi: osatentha mapesi. Agonekedwe pansi, aphimbe nthaka, awolere pomwepo.

Apo ndinaimirira.

"Mwana wanga," ndinatero, "kwanu kutauni mumalima patebulo? Kuno munda wa mwamuna umadziwika ndi kuyera. Ukakolola umasonkhanitsa mapesi, umatentha, umaunga mizere. Munda wa zinyalala ndi wa munthu wodwala, kapena wa mlesi. Ndiye manyowa mukunenawo tikawatenga kuti? Ng'ombe kuno tilibe, ntchentche za kashembe sizizilola. Tikapemphe kwa njovu?"

Anthu anaseka mpaka ana a sukulu anasuzumira pamawindo. Mtsikanayo anadikira kuti phokoso lithe.

"Za njovu nazo ndi manyowa, adada," anatero, "ngati muli ndi mtima wokatola."

Anasekanso. Ine ndinakhala pansi ngati kuseka kwachiwiriko kunalinso kwanga.

Pobwerera tinadzera kumunda. Pakona ya kum'mawa pali msangu waukulu umene atate anga anausiya posweka mphanje. Pansi pake chimanga chimakhala chobiriwira chaka chilichonse, kaufiti safikapo. Ine ndinkangoti ndi dzanja la atate. Mkazi wanga anaima pamenepo, natola masamba ofumbwa, n'kuwafikisa m'manja.

"Abambo, mtsikana uja wanena zimene apongozi anga ankachita osalankhula. Inu mwalankhula zimene simukuzidziwa, mokweza."

Ndinangopitiriza ulendo wa kunyumba. Koma patapita sabata ndinapita kumene mlangiziyo amakhala, podzera kuseri kwa chigayo kuti anthu asandione. Ndinamuuza kuti andilembe, koma dzina langa lisamveke.

"Palibe vuto, adada. Koma yambani ndi kachigawo kochepa, muone kaye."

"Ine sindilawa ndi chala. Munda wonse."

Anandiletsa katatu, ine ndinakana katatu. Dzina langa ndinakachotsa pa gulu la olandira feteleza, ndinawauza kuti chaka chino ndipuma. Kuyambira tsiku limenelo chakudya chathu cha chaka chotsatira chinali m'mapesi ndi m'manyowa basi. Zimenezo zikanalephera, njira ya ku Tembwe inali kutidikira.

Tinagwira ntchito, ine ndi mkazi wanga, ntchito imene sindinagwirepo ngakhale ndili mnyamata. Titakolola tinagoneka mapesi onse. Pamene panaperewera tinamweta udzu kudambo n'kututa pamutu. Kuseri kwa chulu tinakumba maenje atatu owoletsera manyowa: masamba, phulusa, zitosi za nkhuku, ndowe za mbuzi. Ndipo inde, ndilembe pano poyera, ndinkapita kumchenga wa mtsinje ndi thumba panjinga kukatola za njovu, ndikuyang'ana uku ndi uku kuopa njovuzo ndi anthu omwe, makamaka anthu. Manyowa atapsa, tinkakankha mapesi, kukumba dzenje lobzalamo, kuthiramo manyowa, kukwirira pang'ono, n'kubwezeretsa mapesi pamwamba. Wodutsa m'njira sankaona dzenje ngakhale limodzi. Ankangoona munda wauve.

Ogasiti anadutsa, Seputembala analowa, utsi unayamba kukwera m'minda ya anzanga. Wanga uli chigonere. Tsiku lina pamsika ndinakumana ndi mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, amenenso ndi mkulu wa mpingo kwathu. Timaseka naye kwambiri, koma lilime lake lili ndi minga.

"Alamu, munda uja mwaupereka kwa mbewa? Kapena mwayamba kutsata mtsikana wa honda?"

Panali anthu ambiri, ena mwa iwo amene anaseka tsiku la msonkhano. Pakamwa panga panayankha pasanandifunse.

"Msana, alamu. Msana wandigwira. Sinditha kuwerama."

Nkhope yake inasintha pomwepo, nandigwira paphewa. Kuyambira tsikulo ndinayenera kumayenda ndi ndodo podutsa pamsika. Lamulungu lotsatira dzina langa linatchulidwa pakati pa odwala. Mkazi wanga anayankha amen mokweza kuposa onse, akundiyang'ana.

"Usanene kwa munthu," ndinamuuza panjira. "Ngakhale kwa alongo ako."

"Ndamva, abambo. Sindinena."

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, olembedwa tonse anatiitana ku boma la Chama kumaphunziro a masiku atatu. Anthu ndinawauza kuti ndikupita kuchipatala kukaonetsa msana. Njinga ndinakankha mpaka nditabisika kumitengo, kenako ndinakwera.

Tsiku lachiwiri chakumadzulo, tikuphunzira kupha mbozi za m'chimanga ndi phulusa ndi mchenga, foni inalira. Anali mkazi wanga.

"Abambo, mpingo wagwirizana. Abwera mawa m'mawa kudzakuthandizani. Akuti munthu ali kuchipatala, mvula yayandikira, munda wake sungakhale choncho iwo akuona. Asonkhanitsa mapesi, atentha, aunga mizere."

"Aletse!"

"Ndawaletsa. Akuti nanenso ndatengera kunyada kwanu. Manje ndinene, kapena ndisanene?"

Ndinayang'ana denga. Mawu awiri okha akanakwana. Koma ndinaona nkhope za pamsika zija.

"Usanene. Ndibwera ndekha."

Ine sindidziwa kunong'ona pafoni, choncho kalasi yonse inamva, ndi mlangizi yemwe. Anandiitanira panja.

"Adada, imbirani alamu anuwo muwauze zoona. Moto ukadutsa pamenepo mapesi atha, manyowa a pamwamba apsa, ndipo akaunga mizere maenje onse asokonekera. Nthawi yoyambiranso palibe."

Ndinaimba, koma zoona sindinanene. Ndinangoti, "Alamu, munda uja musaukhudze, ndidzauona ndekha."

"Gonani, alamu, mverani a dokotala. Inu munathandiza anthu ambiri pano, manje ndi nthawi yanu. Zonse zili m'manja mwathu." Nadula foni.

Sindikanatha kunyamuka madzulo omwewo, chifukwa dzuwa likapendeka njovu zimadutsa msewu wathu kupita kumadzi, ndipo munthu wa njinga sakangana nazo. Ndinanyamuka kutangoyera. Ndinapalasa ngati ndaba njingayo. Ndili pakati pa ulendo, munga unalasa tayala la kumbuyo. Pampu ndinali nayo, koma zomatira ndinaiwala kunyumba. Ndinachotsa chubu, ndinapakira udzu wouma m'tayala mpaka kulimba, n'kukweranso. Njinga ya udzu imagunda mafupa onse. Ndinaganiza kuti Mulungu akundipatsa msana umene ndinapempha.

Dzuwa linali litakwera ndithu pamene ndinafika pamtsinje wathu. Nthawi imeneyo mumakhala mchenga wokhawokha, waukulu, ndipo munda wanga uli tsidya linalo pamtunda. Ndinaona anthu ambiri m'munda, azimayi ndi nsalu zawo, azibambo ndi makasu. Ndinaona milu ya mapesi itaima mizeremizere. Ndipo chakumadzulo kwa munda ndinaona utsi.

Ndinataya njinga. Ndinadzaza chifuwa ndi mpweya.

"Zimitsani motooo! Zimitsaniii!"

Njiwa zinabalalika m'mitengo. Anthu onse anatembenuka nthawi imodzi. Ndinakuwanso, kenako ndinathamanga. Ndinadutsa mchenga wonsewo osaima, ndinakwera gombe ndi manja ndi miyendo, ndinathyola nthambi yaiwisi n'kuyamba kumenya moto. Anyamata a kwaya ataona choncho anathyolanso nthambi, osadziwa chifukwa chake, ndipo tinauzimitsa usanalumphire milu ina.

Nditaweramuka, thukuta lili chuchuchu, mayi wina wachikulire, amene amatsogolera nyimbo za azimayi, anakweza manja.

"Aleluya! Achira! Mwaona mmene athamangira?"

Nthungululu zinalira. Ena anayamba kuimba. Mlamu wanga anabwera pafupi, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, msana mwausiya kuchipatala? Ndodo ili kuti?"

Kunena zoona, khomo linali lotseguka pamenepo. Ndikanangoti inde, mapemphero agwira ntchito, ndipo anthu akananditenga pamapewa. Ndinatsala pang'ono kulowa. Koma mlamuyo anapitiriza.

"Chabwino, ngati mwachira tithokoze Ambuye. Manje tengani khasu, timalizire limodzi. Anyamata, yatsani mulu uwo."

Mnyamata wina anatulutsa machesi. Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali atakhala pamwamba pa mulu waukulu wa pakati, miyendo atatambasula, manja pamiyendo. Anangondikwezera nsidze.

Ndinagwada pamene mapesi anali asanachotsedwe, ndinawakankha, ndinapisa dzanja m'dzenje n'kutulutsa manyowa akuda. Ndinawakweza m'mwamba kuti onse aone. Ndipo popeza mawu ang'onoang'ono ndilibe, ndinanena ndi omwewo amene ndinanyozera nawo pabwalo la sukulu.

"Msana wanga sunadwalepo! Ndinanama! Sindinali kuchipatala, ndinali kusukulu ya mtsikana wa honda! Zinyalala izi ndinaika dala, pansi pake pali maenje, m'maenje muli manyowa, ndipo feteleza chaka chino ndilibe ngakhale wodzaza chikho. Mukatentha izi mwatentha chakudya changa!"

Mayi wa nyimbo uja anatsitsa manja pang'onopang'ono.

"Ndiye mapemphero athu onse aja?"

"Sanatayike, amayi," anatero mkazi wanga ali pamulu. "Pakamwa pachira."

Mlamu wanga anatola kachidutswa m'dzanja langa, nakanunkhiza, nakaphwanya. Munali ulusiulusi wa makungwa.

"Alamu, izi si za mbuzi."

"Si za mbuzi."

"Munakapemphadi kwa njovu?"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunaposa kwa pamsonkhano. Ena anakhala pansi, wina anagwira msangu kuti asagwe. Ine ndinaima pakati ndi manyowa m'manja. Ndinkayembekezera kuti manyazi andipha, koma chimene ndinamva chinali chifuwa kupepuka, ngati munthu amene watula thumba la mchenga limene ananyamula miyezi iwiri.

Pambuyo pake ndinamva chifukwa chake moto unachedwa. Anthuwo anafika m'mamawa, ndipo akanamaliza zonse ine ndisanapakire udzu m'tayala. Koma mkazi wanga anawauza kuti ntchito ya wodwala siyamba popanda pemphero. Mlongo wake atapemphera, iye anati mkulu wachiwiri naye apemphere, chifukwa msana ndi wautali. Kenako wachitatu. Kenako anayambitsa nyimbo ya mavesi ambiri, naibwereza. Kenako anatulutsa thobwa, ndi chikho chimodzi chokha kuti amwe mmodzimmodzi. Zonse zitatha anakwera pamulu n'kunena kuti mwendo wachita dzanzi. Sananene chinsinsi changa ngakhale liwu limodzi.

"Munati ndisanene," anandiuza. "Simunati ndisapemphere."

Mpingo unabwera kudzagwira ntchito, ndipo mlamu wanga anati sungabwerere osagwira. Choncho milu yonse ija anaiphwasula, n'kumwaza mapesi mmene anali, ine ndikuwalozera pamene pali maenje kuti asaponde.

"Chibadwire," ankadandaula motero mlamuyo akumwaza, "sindinaonepo mpingo wa Mulungu ukubwera kudzathira zinyalala m'munda wa munthu."

Chimene chinapsa ndi kachigawo ka kumadzulo kokha. Pamenepo panatsala phulusa ndi nthaka yambee.

Musaganize kuti mtima unakhala pansi tsiku lomwelo. Munda unapulumuka ku moto, koma unali usanabale. Mvula itagwa tinabzala m'maenje, nandolo pakati, kalongonda kumalire, ndi mbande za msangu motalikirana. Chiswe chinalowa m'mapesi, ine n'kuthamangira kwa mlangizi, manje podzera kumaso kwa chigayo. Anati chisiyeni, chikudya mapesi kuti chisadye chimanga. Masabata oyamba chimanga changa chinali chotuwirako poyerekeza ndi cha mlamu wanga cha feteleza. Aliyense wodutsa ankaima m'njira.

"Odi kumunda! Msana uli bwanji lero?"

Ndinkayankha kuti uli bwino, koma ndikayang'ana masamba aja ndinkaona njira ya ku Tembwe.

Mu Januwale mvula inadula. Sabata yoyamba tinati ibwera. Yachiwiri kumwamba kunali kwa mbee ngati Okutobala. Yachitatu chimanga cha m'minda yoyera chinapinda masamba ngati anyezi, ndipo nthaka inang'ambika. Tsiku lina masana ndinapita kumunda. Kachigawo kopsa kaja kanali katafota ngati minda ya anzanga. Koma kuyambira pamene moto unalekezera, chimanga chinali chiimire, masamba otambasuka. Ndinapisa dzanja pansi pa mapesi. Munali mozizira, nthaka inamata zala. Ndinakhala pansi pomwepo nthawi yaitali. Mkazi wanga anandipeza ndili choncho, dzanja lili m'nthaka.

"Mwadwaladi manje?"

"Bwera upise."

Anapisa, nakhala pambali panga.

Mvula inabwerera, ndipo tinakolola. Sindinama, chifukwa bodza ndinaliona mtengo wake: nkhokwe ziwiri za atate anga sizinadzaze. Inadzaza imodzi, ndi zina pang'ono zimene tinasunga m'matumba. Kaufiti sanathe, wachepa chabe, ndipo mlangizi akuti nthaka yotopa sichira chaka chimodzi. Ntchito yake ndi yowawa, msana manje umawawadi, koma palibe amene amandikhulupirira. Mlamu wanga amatenthabe munda wake, ngakhale chaka chino ndaona kuti mbali ya kuseri kwa chulu waisiya yauve. Nditamufunsa anati ndi bondo.

Novembala anafika, mwezi umene unkatichititsa manyazi. Ndinakwera pa nkhokwe kusuzumira, chimanga chinali chisanafike ndi pakati pomwe. Disembala anadutsa. Tinadya chathu mpaka mondokwa watsopano.

Nandolo atauma ndinadzaza thumba, ndinawonjeza lina la chimanga, ndinamanga panjinga. Mkazi wanga anati apite ndi iye monga kale, ine ndinati ayi, ulendo uno ndi wanga. Ku Tembwe mkamwini anandilandira njinga, nayang'ana matumba, nayang'ana ine. Ndi munthu waulemu, anafunsa mosamala.

"Adada, kodi kunyumba zakwana chaka chino?"

"Zakwana," ndinatero.

Anapendeketsa mutu. "Pepani, adada, sindinamve."

Mwana wanga, amene anali pakhomo ndi lichero, anayamba kuseka. Akuti chibadwire chake anali asanaonepo munthu akundipempha kuti ndibwereze mawu.